Bwanji mtsikana wa m'nkhani zathu amangofa?

Chaka chilichonse, teremu yoyamba ikafika pakati, ndimauza ana a kalabu ya olemba pasukulu yomwe ndimaphunzitsa kuti aliyense alembe nkhani yaifupi yopeka. Mutu sindiwapatsa. Ndimangoti, "Lembani za munthu wa msinkhu wanu." Amakalembera kunyumba, ena pa koloboyi, ena pa tochi ya foni ya mayi awo, n'kubwera nazo Lolemba pa mapepala ozula pakati pa kope.

Ndipo chaka chilichonse ndimakumana ndi mtsikana yemweyemweyo. Dzina limasintha, mudzi umasintha, koma ndi yemwe uja. Ndi wokongola, ndi wanzeru, masamu amakhoza kuposa anyamata. Makolo ake ndi osauka koma oopa Mulungu, ndipo amamulangiza usiku ndi usana. Kenaka pamatulukira bambo wagalimoto, kapena mnyamata wa kabaza wokhala ndi ndalama ya tchipisi. Mtsikana uja amayamba mwano, amayamba kufika mochedwa. Tsamba lachiwiri ali ndi mimba. Tsamba lachitatu ali gone m'chipatala, wawonda, akulira kuti, "Ndikanadziwa ndikanamvera makolo anga." Akatero amatsirizika. Pansi penipeni wolemba amalemba mwa zilembo zikuluzikulu, nthawi zina n'kudula mzere kunsi kwake: mawu a akulu amakoma akagonera.

Oposa theka la ana amandibweretsera nkhani imeneyi. Sakoperana ayi. Aliyense amakhala atailemba yekha, ndi mtima wonse.

Tsiku lina ndinaika mapepala aja pa tebulo n'kufunsa kuti, "Ndani pano amene akudziwa mtsikana yemwe anatenga mimba ali pasukulu?" Manja onse anakwera, mpaka a anyamata. Ndinafunsanso, "Nanga mwa atsikana amenewo, anamwalira ndi angati?" Munangoti zii. Patapita kanthawi wina anati wake amagulitsa mandasi pa siteji. Wina anati wake anakwatiwa ku Mchinji. Wina, motsitsa mawu, anati wake ndi mchemwali wake weniweni, ndipo anabwerera kusukulu, mwana amatsala ndi agogo.

"Nanga inu mukumupheranji?"

Anayankha ndi mtsikana wa Fomu 3 amene amakhala kutsogolo, ndipo sanayankhe mwachipongwe. Anali wodabwa kuti ndikufunsa chinthu chodziwikiratu. "Madamu, nanga si ndi mmene nkhani imathera?"

Yankho limeneli landikhala m'mutu zaka zingapo tsopano. Mwana uyu ali ndi maso, akuona moyo wa anzake mmene ulili. Koma akagwira cholembera amatseka maso aja n'kulemba zomwe akuganiza kuti ife akuluakulu tikufuna kumva. Tinamuphunzitsa ndife, mwina mosadziwa, kuti nkhani yabwino ndi imene ili ndi chikwapu kumapeto, ndipo kuti zoona ndi za panja, za m'buku n'zina.

Ine nkhani imeneyi imandikhudza pa chifukwa china chomwe sindinkachinena kwa zaka zambiri. Ndili Fomu 2, m'zaka za m'ma 1990, ndinali ndi mnzanga wa ponda apa nane mpondepo pasukulu ya atsikana yogonera komweko. Tinkagawana chilichonse: sopo, chigumu chobwera ndi makolo, mabuku a Pacesetters amene ankayenda m'manja m'manja mpaka chikuto kuthothoka. Teremu yachitatu iye sanabwere. Zinamveka kuti ndi woyembekezera. Patapita milungu ingapo ndinalandira kalata yake. Inali yaitali, masamba anayi, ndipo sanapemphemo kanthu. Ankangondiuza mmene zinthu zinalili: kuti usiku sagona, kuti amayi ake sakumuyankhula, kuti akusowa nthawi ya prep ngakhale kuti ankadana nayo. Ndinaiwerenga kuseri kwa hositelo, n'kuipinda, n'kuibisa pansi pa sutikesi. Sindinamuyankhe. Analembanso kachiwiri. Sindinamuyankhenso.

Sindinali mwana wankhanza. Ndinali mwana womvera. Nkhani zonse zomwe ndinali nditamva, kutchalitchi, pa wailesi, m'masewero a pasukulu, zinali zitandiuza kale kuti mtsikana wotere nkhani yake yatha. Munthu amene nkhani yake yatha umamulembera chiyani? Ndinalibe ngakhale nkhani imodzi m'mutu mwanga yondionetsa kuti m'mawa mwake mtsikana uja amadzukabe, amasamba, amamva njala, amafuna mnzake woseka naye. Komatu nthawi imeneyo boma linali litakhazikitsa kale, mu 1993, ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Ife sitinkaidziwa. Ndipo ngakhale tikanaidziwa, m'mitima mwathu tinali titamuika kale m'manda.

Tinadzakumana patapita zaka zoposa khumi, mu depoti ku Lilongwe, iye atasenza katundu wa geni yake ya zitenje. Anali wathanzi, woseka ngati kale. Tinacheza mpaka basi yake kudzadza. Atatsala pang'ono kukwera anandigwira dzanja n'kunena mosakwiya, "Iwe, mimba ija sinandiwawe ngati mmene zinandiwawira kuti sunandiyankhe." Palibe tsiku limene ndimawerenga nkhani ya mwana wa m'kalabu mwanga osakumbukira mawu amenewa.

N'chifukwa chake ndikamati nkhani zolembera achinyamata zizinena zoona, sindikunena za luso lokha. Nkhani imaphunzitsa mwana mmene angamuonere mnzake. Ikamunamiza, wovulala amakhala munthu weniweni.

Chizolowezi chathu chomaliza nkhani ndi chikwapu chili ndi kumene chinachokera, ndipo si bwino kuchinyoza tisanachimvetse. Tonse tinakulira pa "Padangokhala!" ndi "Tili tonse!" Nthano ya agogo inkakhala ndi phunziro, ndipo wosamva ankamva nkhwangwa ili m'mutu. Koma kumbukirani bwino nthano zija. Kalulu ndi wabodza, ndi wakuba, amapusitsa Njovu ndi Fisi, ndipo kawirikawiri amapulumuka ali gwa. Ana ankamukonda Kalulu, agogo ankadziwa kuti ana akumukonda, ndipo sankachita mantha. Mwana wamasiye wozunzidwa ndi mayi womupeza ankaimba nyimbo yake yachisoni pamaso pa ana onse, opanda womutseka pakamwa kuti zimenezi n'zochititsa manyazi banja. Nthano zathu zinali zolimba mtima kuposa nkhani zambiri zomwe tikulembera ana masiku ano.

Zolembedwa zinabwera ndi mishoni. Buku la Nthondo, lomwe Samuel Josia Ntara analemba ali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma ndipo linatuluka mu 1933, limatsata munthu kuyambira kubadwa kwake, unyamata wake wosamva, mpaka kutembenuka mtima. Ntara ankaudziwa mudzi wa Achewa, ndipo mbali za unyamata zija zili ndi moyo mpaka lero. Koma njira imene mabuku oyamba aja anatsegula inali yoti nkhani imayenda kuchoka ku uchimo kupita ku chipulumutso kapena ku chilango, popeza osindikiza ake anali amishoni ndipo owerenga ake anali ana a sukulu za mishoni. Kenaka mu 1968 kunabwera lamulo lomwe linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi masewero asanafike kwa anthu. M'zaka zotsatira olemba anaphunzira kuti kulemba zomwe maso akuona kungakupezetse mavuto. Wolemba ndakatulo Jack Mapanje anatsekeredwa kundende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. M'nyengo yotere nkhani yosaopsa kulemba inali ya mwana wosamvera makolo amene walandira mphotho yake. Imeneyo palibe akanakufunsa.

Ufulu wa demokalase utabwera mu 1994, Edzi inali itafika kale pakhomo lililonse. Mabungwe anabwera ndi ndalama zolembetsa masewero, timabuku ndi nyimbo za uthenga. Sindikunyoza ntchito imeneyo. Anthu ankafa, ndipo uthenga unapulumutsa miyoyo. Koma m'badwo wathunthu wa olemba unazolowera kuyamba ndi uthenga, kenaka n'kufunafuna anthu oti ausenze. Mtengambali, yemwe ndi munthu wa m'nkhani, anasanduka chikwangwani. Pamwamba pa zonsezi onjezanipo mayeso. Mwana wa Fomu 4 amadziwa kuti pa pepala la Chichewa adzafunsidwa za phunziro kapena mfundo zazikulu za m'nkhani, ndiye amawerenga ngati munthu wopeta mphale, kutaya gaga kuti apeze chomwe chidzabwere pa MSCE. Ife aphunzitsi timamuthandiza kupetako. Inenso ndachita zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo ndidzachitanso teremu ikubwerayi chifukwa ana ayenera kukhoza. Koma gaga amene timataya uja nthawi zambiri ndiye nkhaniyo.

Taonani chinthu chimodzi chomwe nkhani ya chikwapu imabisa. Bambo wagalimoto uja amathera kuti? M'nkhani za ana anga amangozimirira tsamba lachiwiri. Sadwala, samangidwa, salira. Mkazi wake kunyumba sitimuona. Mphunzitsi amene amaitanira ana kunyumba kwake kuti akamuthandize kuchonga sapezekamo n'komwe. Malume amene amalipira fizi n'kumafuna malipiro ena usiku sapezekamo. Amayi amene amalandira shuga ndi sopo osafunsa kumene zachokera, chifukwa m'nyumba mulibe kanthu ndipo kufunsa n'kugona ndi njala, sapezekamo. Nkhani imene imadzitcha yolangiza ija imasenzetsa mwana wa zaka 15 mlandu wonse, akuluakulu onse n'kutuluka ali oyera. Dziko lino linasintha malamulo ake aakulu mu 2017 kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sangalowe m'banja. Malamulo anafika pozindikira kuti wolakwa ndi wamkulu uja. Nkhani zathu zambiri sizinafikebe pamenepo.

Ndiye wina akamandiuza kuti nkhani zonena zoona zimalekerera khalidwe loipa, ndimamufunsa kuti khalidwe la yani. Nkhani yoona ndi imene imaloza chala pamene pali chilonda. Ndipo siibisa kuti mimba ya mwana ndi yoopsa. Atsikana ang'onoang'ono amavutika pobereka, ena amatsala ndi fistula, ena amamwaliradi. Wolemba woona mtima akhoza kulemba imfa imeneyo. Kusiyana kwake n'kwakuti iye amailemba ngati tsoka logwera mwana amene tinayenera kumuteteza, pamene nkhani ya chikwapu imailemba ngati malipiro oyenera.

Koma pali mbali ina ya nkhaniyi imene ndimaikonda kwambiri, ndipo ndi imene inandichititsa kukhala pansi kulemba zonsezi. Ndi nkhani ya bodza la achinyamata eni akewo.

Palibe msinkhu umene munthu amanama kwambiri ngati wa zaka 13 mpaka 19, ndipo palibenso msinkhu umene munthu amadana ndi bodza kwambiri ngati womwewo. Mwana wa Fomu 1 amauza anzake kuti kwawo ndi ku Area 47 pamene amakhala kwa azakhali ake kwa Mtandire. Wina amati bambo ake ali ku Joni pamene ali kundende. Wina pa nthawi ya nkhomaliro amati, "Ine ndadya kale," n'kupita kukakhala kuseri kwa kalasi mpaka belu kulira. Mtsikana wa self-boarding amauza makolo ake kuti zonse zili bwino, pamene ufa unatha Lachitatu. Mnyamata amene amayi ake anamwalira mwezi watha amaseka mokweza kuposa onse, chifukwa anauzidwa pamaliro pomwepo kuti mwamuna salira. Ana omwewa ndi amene amakuona msanga iwe mphunzitsi ukamalankhula zomwe sukuzikhulupirira. Amakuyang'ana m'maso mwaulemu, n'kuvomera kuti "Inde madamu," koma mtima atautseka kale.

Nkhani yabwino ya achinyamata imakhala pakati pa zinthu ziwirizi. Simangonena kuti bodza ndi loipa, zimenezo mwana anazimva kale ku Sande sukulu. Imalowa m'kati mwa bodzalo n'kufunsa kuti mwanayu akuteteza chiyani, akuopa chiyani, ndipo zimamutengera chiyani kuti tsiku lina anene zoona kwa munthu mmodzi yekha.

Nkhani yabwino koposa yomwe ndinalandirapo m'kalabu mwanga inali yotere. Inalembedwa ndi mnyamata wofatsa, zaka zingapo zapitazo, ndipo galamala yake inali yosokonekera. Inali ya mnyamata wa pasukulu yogonera komweko amene anabadwa ndi kachilombo ka HIV. Mankhwala ake amawasunga m'sokosi, pansi pa thumba la zovala, atakulunga botolo ndi kansalu kuti mapiritsi asamachite phokoso. Madzulo aliwonse amanamizira kupita kuchimbudzi kuti akamwe. Tsiku lopita kuchipatala amauza anzake kuti akukaona agogo ake odwala, ndipo agogo amenewa adwala miyezi yambiri moti anzake anayamba kumufunsa kuti bwanji sakuchira. Ali ndi mnzake wapamtima, wogona bedi lapamwamba, amene tsiku lina m'kucheza ananena nthabwala yonyoza anthu omwa ma ARV. Onse anaseka. Iyenso anaseka nawo, ndipo wolemba anati kuseka kumeneko kunamuwawa pakhosi ngati wameza fupa la usipa chopingasa.

Kumapeto kwa nkhaniyo anyamata awiriwa akuchokera ku mpira, kwada, ali okha panjira. Mnyamata uja watsimikiza mtima kuti lero anena. Akuti, "Aise, pali zina zake ndimafuna ndikuuze." Mnzake akuti, "Yankhula." Pakupita kanthawi. Kenaka iye akuti, "Golo ija inali ofusayidi." Nkhani n'kuthera pomwepo.

Nditamaliza kuwerenga ndinakhala mu sitafu ndekha kwa nthawi yaitali. Mulibe phunziro lolembedwa pansi. Palibe wamwalira, palibe walapa. Koma aliyense wowerenga nkhaniyo amatuluka akudziwa kulemera kwa chinsinsi, ndipo sangadzanenenso nthabwala ngati ija osayamba wayang'ana amene ali pambali pake. Sindinamufunse mnyamatayo ngati nkhaniyo inali yake kapena ya mbale wake kapena yongopeka. Sizinali zanga kufunsa. Ndinangomuuza kuti walemba zoona, ndipo anagwedeza mutu n'kutuluka.

Ana ngati amene ali m'nkhani imeneyi alipo ambiri m'makalasi mwathu. Kuyambira 2004, pamene ma ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma, ana amene kale sakanafika zaka zisanu akukula, akulemba mayeso, akugwa m'chikondi. M'zipatala zambiri muli ma Teen Club kumene amakumana n'kumalimbikitsana. Tsono taganizani mwana wotere atakhala m'kalasi, tikuwerenga mokweza nkhani imene kachilombo ndi chilango cha mtsikana wachiwerewere. Iye sanachite kanthu. Anangobadwa. Nkhani imene ife tikuiyesa yolangiza ikumuuza pamaso pa anzake onse kuti chomwe chili m'magazi mwake ndi chizindikiro cha uchimo. Atatero tidzadabwa bwanji akasiya kumwa mankhwala kuti anzake asamuone?

Kunena zoona kulinso m'chilankhulo. Ana anga akamalemba zokambirana, mnyamata wa ku Ndirande amalankhula ngati buku la galamala: "Bambo anga okondedwa, ndikupempha kuti mundikhululukire." Ndimawafunsa kuti ndani mwa inu amalankhula chonchi? Amaseka. Panja amati madala, masteni, aise, bho. Amasakaniza Chichewa ndi Chingerezi m'chiganizo chimodzi, ndipo akafika pamaso pa agogo amasintha n'kuyamba kulankhula mwaulemu, mawondo pansi. Kusinthaku ndi nkhani payokha, chifukwa mwana aliyense amakhala anthu awiri kapena atatu pa tsiku. Ine ndine mphunzitsi wa Chichewa, ndimakonda Chichewa chosalala, ndipo pa chimangirizo ndimachonga ndi inki yofiira mosanyengerera. Koma m'kamwa mwa mtengambali muyenera kutuluka mawu amene munthu woteroyo angatulutse. Mwana akangomva kuti mnyamata wa m'nkhani akulankhula ndi pakamwa pa ahedi, amadziwa kuti zonse zotsatira ndi ulaliki, ndipo amatseka buku.

Vuto limeneli si lathu lokha. Ku America, mtsikana wina wa mumzinda wa Tulsa, S. E. Hinton, anayamba kulemba buku la The Outsiders ali pa sekondale chifukwa mabuku olembera achinyamata a nthawi imeneyo sankafanana ndi moyo umene ankauona, wa magulu a anyamata olemera ndi osauka omenyana m'misewu. Linatuluka mu 1967 iye ali ndi zaka 18, ndipo mpaka lero likuwerengedwa m'sukulu za kumeneko. Chimene ndimauza ana anga pa nkhani imeneyi n'chakuti wolembayo anali wa msinkhu wawo. Sanadikire kuti akule kaye n'kuiwala.

Chifukwa ife akuluakulu timaiwaladi. Kapena tinene kuti timasankha kuiwala. Timakumbukira unyamata wathu ngati nthawi imene tinali omvera, olimbikira, oyenda mtunda wautali wapansi osadandaula. Makalata achikondi amene tinkabisa m'buku la Biology, nsanje, manyazi a nsapato yong'ambika, usiku umene tinalira osadziwa chomwe tikulirira, zonsezo timazikwirira. Ndiye tikakhala pansi kulembera ana, timalemba ngati anthu amene sanakhalepo ana. Ndikhulupirira kuti wolemba nkhani za achinyamata ayenera kuyamba wanena zoona kwa iye mwini za mwana amene iye anali. Ine ndinayenera kuvomera kaye za kalata ija ya pansi pa sutikesi ndisanathe kuphunzitsa bwino kalabu imeneyi.

Kholo lina linabwerapo kusukulu litakwiya. Mwana wawo anali atalemba nkhani ya mtsikana amene bambo ake omupeza amalowa kuchipinda kwake usiku, ndipo mayiwo anaipeza m'chikwama. Anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, zimenezi ndi zimene mukuwaphunzitsa ana athu?" Ndinawamvetsa. Pachikhalidwe chathu pali zinthu zomwe sizinenedwa pagulu, ndipo kholo lililonse limafuna kuti mwana wake achedwe kudziwa zoipa za dziko. Ndinawakhazika pansi n'kuwapempha kuti tiwerengere limodzi. Munalibe mawu otukwana ngakhale amodzi. Mwanayo analemba za chitseko chopanda loko, za mpando umene mtsikana uja amatsamiritsa kuchitseko asanagone, za mmene amamvetsera mapazi. Basi. Chichewa chili ndi luso lophiphiritsa lomwe zilankhulo zambiri zingasirire, ndipo mwanayu analigwiritsa ntchito bwino kuposa akuluakulu ambiri. Kunena zoona si kuvula pagulu ayi. Ngakhale anamkungwi kuchinamwali sankanamiza ana, ankangodziwa malo ake, nthawi yake ndi mawu ake.

Mayi aja atamaliza kuwerenga anakhala chete. Kenaka anafunsa funso lina, losiyana ndi loyamba lija: "Kodi ameneyu wazidziwa kuti zimenezi?" Ndinawauza kuti funso limenelo akamufunse mwana wawo, mofatsa, ali awiri. Zomwe anakambirana kunyumba ndi zawo. Chomwe ndinaona n'chakuti nkhani ya masamba awiri inatsegula khomo lomwe malangizo a zaka zambiri sanalitsegule.

Ndipo tisadzinamize kuti tikapanda kuwalembera zoona ana sawerenga kanthu. Amawerenga kwambiri kuposa mmene ife tinkawerengera, kungoti amawerengera pa foni. Pa Facebook pali masamba a nkhani zachichewa zotuluka gawo ndi gawo, ndipo ana amathamangitsana nazo, kutumizirana pa WhatsApp, kubwerekana bandulo kuti aone gawo lotsatira. Zina ndi zolembedwa mwaluso. Zambiri ndi zolaula chabe, zodzaza ndi mabwana achuma ndi atsikana osanduka madona usiku umodzi. Limenelonso ndi bodza, longotembenuza lija la chikwapu: uku mtsikana amafa, uko amapata galimoto. Koma ana amathamangira kumeneko chifukwa anthu ake amalankhula ngati iwo ndipo palibe amene akuwakalipira. Mwana ali pakati pa mabodza awiri, la m'kalasi ndi la pa foni, ndipo moyo wake weniweni, wa fizi yosakwana, wa ganyu ya Loweruka, wa chikondi choyamba chomwe sichipha munthu koma chimamusowetsa tulo, palibe akuulemba mokwanira.

Ndinene pano kuti nkhani yoona siyenera kukhala yachisoni nthawi zonse. Moyo wa ana athu uli ndi nthabwala zambiri, uli ndi ubwenzi wolimba, uli ndi tsiku lomwe mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite atuluka ndipo mudzi wonse ukuvina. Wolemba amene amangoona mdima wokhawokha nayenso wasankha theka la zoona. Chimene ndikupempha ndi chakuti mtengambali aloledwe kukhala munthu: wabwino m'mawa, wabodza masana, wachifundo madzulo, ndipo mawa lake adzukenso.

Teremu yathayi ndinabweza nkhani kwa mtsikana wina wa Fomu 2 amene anapha mtengambali wake monga mwa nthawi zonse. Ndinamuuza kuti masamba awiri oyamba ndi abwino, koma akalembenso lachitatu. "Usamuphe. Ungondiuza zomwe anachita m'mawa mwake."

Anatha milungu iwiri. Atabwera nayo anapempha kuti awerenge yekha pamaso pa anzake. Mtsikana wa m'nkhani uja tsopano amadzuka tambala woyamba, amachapa matewera pa mjigo kusanakhale anthu, amayamwitsa, n'kuvala yunifolomu imene siikumukwananso bwino pachifuwa. Amayi ake samulankhulabe, koma tsiku limenelo amuikira mbatata yootcha m'chikwama osanena kanthu. Panjira akumana ndi mnzake wakale amene anasiya kumuyankha mauthenga. Ayenda limodzi mtunda wonse osalankhulana. Pafupi ndi geti, mnzake uja akuti, "Tili pa mutu 6 masamu. Ndikubwereka kope."

Atamaliza, mnyamata wina kumbuyo anadandaula kuti nkhaniyo sinathe. Wina anati yatha. Anakangana mpaka belu kulira, ndipo anatuluka akukanganabe, ena akuti mnzakeyo anayenera kupepesa, ena akuti kope lija ndiye kupepesako. Wolemba uja anatsalira, atagwira pepala lake.

"Madamu, ndiye pansipa ndilembepo phunziro?"

Ndinamufunsa ngati iye akuona kuti pakufunika kutero. Anayang'ana pepala lija kwa kanthawi, n'kuyang'ana kukhomo kumene mawu a anzake ankamvekabe, kenaka analipinda pakati n'kundipatsa.